Liu Lakuti "Fluency": Tanthauzo Lake ndi Mmene Mungaligwiritsire Nchito M'kalasi

Aphunzitsi, liu la Cingerezi lakuti fluency mumakumana nalo kawiri-kawiri: m'buku la mphunzitsi, pa misonkhano ya pa zoni ndi pa mapepala opimira ana. Ambiri timalichula mmene liliri osalimasulira, ndipo aliyense amapita nalo ku kalasi ali ndi tanthauzo lake-lake. Wina amati ndi kuwerenga mothamanga. Wina amati ndi kuwerenga mokweza mau. Wina amaganiza kuti likunena za mwana wolankhula bwino Cingerezi.

Kusiyana kumeneku si nkhani yaing'ono. Tanthauzo limene mwasunga m'mutu ndilo limasankha mwana amene mumamuombera m'manja ndi mwana amene mumamudzudzula. Mukayamikira liwiro lokha, ana amaphunzira kuthamanga. Amafika Giredi 4 akuchula mau onse a pa tsamba koma osatha kukuuzani zimene nkhaniyo yanena, ndipo palibe amene amazindikira vutolo cifukwa ku khutu zimamveka ngati akuwerenga.

Kumene liuli linacokera

Liu la fluency linacokera ku mneni wa Cilatini wakuti fluere, kutanthauza kuyenda kwa madzi. Ganizani za mtsinje wa Lutembwe. M'nyengo ya dzinja, mvula ikagwa yambiri, madzi amathamanga mwaukali, kukokolola nthaka ndi kuswa madimba. M'mwezi wa Okutobala madzi amaduka-duka, kutsala m'maiwe apa ndi apo. Pakati pa nyengo ziwirizi pali nthawi imene mtsinje umayenda bwino, osaduka ndiponso osasefukira. Cithunzi cimene liuli limanyamula ndi cimeneci: kuyenda kosaduka.

M'Cingerezi ca tsiku ndi tsiku liuli limanena za munthu wolankhula cinenero mosavutika. N'cifukwa cake makolo ena akalimva amaganiza za Cingerezi. Koma pa nkhani ya kuphunzitsa kuwerenga liri ndi tanthauzo lina, ndipo limagwira nchito pa cinenero ciriconse. Mwana wa ku Mtenguleni amene sadziwa liu limodzi la Cingerezi angathe kukhala ndi fluency yabwino powerenga Cinyanja.

Mu 2000 gulu la akatswiri ku America lochedwa National Reading Panel linatulutsa lipoti limene linachula maluso asanu ofunika pophunzira kuwerenga: kumva mamvekedwe a m'mau, kulumikiza mamvekedwewo ndi zilembo, fluency, kudziwa mau ambiri, ndi kumvetsa zowerenga. Maluso omwewa ndi amene ali maziko a National Literacy Framework ya 2013 kuno ku Zambia, ndi a Primary Literacy Programme imene inayamba m'masukulu mu 2014. Taonani pamene fluency yaikidwa: pakati. Kumbuyo kwake kuli zilembo, kutsogolo kwake kuli kumvetsa. Ili ngati mlatho, ndipo mlatho umene sukufika tsidya lina ulibe nchito.

M'buku lino, fluency tidzaichula kuti kuwerenga mosadodoma. Tanthauzo lake lonse ndi ili: kuwerenga molondola, pa liwiro loyenera, ndi mau osonyeza kuti wowerengayo akumva zimene akuwerenga.

Mafuwa atatu

Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Mukacotsapo limodzi, nsima imatayika. Kuwerenga mosadodoma nakonso kuli ndi mbali zitatu.

Yoyamba ndi kulondola. Mwana achule liu limene lalembedwa, osati limene akuganizira. M'Cinyanja cilembo cimodzi cimasintha tanthauzo. Pala ndi phala si liu limodzi. Kola ndi khola si liu limodzi. Ng'oma imaimbidwa, pamene ngoma ndi gule wa Angoni amene timaona pa Nc'wala. Mwana amene amadumpha h kapena kacizindikiro ka pa ng' sangakhale wosadodoma, ngakhale atathamanga bwanji.

Yaciwiri ndi liwiro loyenera. Muyezo wake ndi mmene munthu amalankhulira pofotokozera mnzake nkhani. Mwana akamawerenga kuti a-na-pi-ta ku-mu-nda, kuima pa phatikizo lirilonse, pofika kumapeto kwa ciganizo amakhala ataiwala kale ciyambi cake. Akamathamanga kupitirira mmene munthu amalankhulira, tanthauzo limatsalanso m'mbuyo.

Yacitatu ndi kamvekedwe ka mau: kupuma pa mpumiro, kupumako pang'ono pa mpatuliro, kukweza mau pa funso, ndi kuwerengera pamodzi mau amene amayendera limodzi. Lembani pa bolodi liu limodzi katatu motere:

Wabwera.
Wabwera?
Wabwera!

Zilembo ndi zomwezo, koma pali nkhani zitatu: kuuza, kufunsa ndi kudabwa. Mwana amene amawerenga mizere itatuyi mofanana akuona zilembo koma sakumva uthenga.

Mbali yacitatuyi ndiyo imaiwalika kwambiri, cifukwa siiwerengeka ndi wochi. Komatu ndiyo imakuuzani zambiri za zimene zikucitika m'mutu wa mwana. Cinyanja sitilemba kukwera ndi kutsika kwa mau. Taonani ciganizo ici: Mtengo wa mango wagwa. Ngati nkhani ikunena za cimphepo ca usiku, liu loyambalo muliwerenga mwa njira ina. Ngati ikunena za amai ogulitsa pa msika wa Kapata, muliwerenga mwa njira inanso. Tsamba silikuuzani. Wowerenga yekha amene akutsatira nkhani ndiye amachula bwino.

Cifukwa cake luso limeneli liri lofunika

Ku Chipata pafupifupi mwana aliyense amadziwa njinga. Kumbukirani mmene munthu amaphunzirira kupalasa. Masiku oyamba maso ali pa mapedulo, manja agwira zolimba, ndipo mtima wonse uli pa kusagwa. Mukamufunsa zimene waona m'njira, sangakuuzeni kanthu. Pakapita milungu, miyendo imapalasa yokha. Tsopano atha kuyang'ana mseu, kupewa maenje, kupereka moni, ngakhale kunyamula thumba la makala kumbuyo.

Kuwerenga kumayenda cimodzi-modzi. Maganizo a munthu sangagwire nchito ziwiri zolemetsa nthawi imodzi. Ngati mphamvu zonse za mwana zikuthera pa kukumbukira kuti n, d ndi i zimapanga ndi, sipatsala mphamvu yoganizira amene wacita ciani m'nkhani. Kuzindikira mau kukayamba kucitika kokha, maganizo amamasuka kutsatira tanthauzo. Akatswiri awiri a ku America, David LaBerge ndi S. Jay Samuels, anafotokoza mfundo imeneyi mu 1974, ndipo ndiyo gwero la zambiri zimene timaphunzitsa lero pa nkhaniyi.

Conco liwiro timalifuna cifukwa limasonyeza kuti miyendo yayamba kupalasa yokha. Colinga ceni-ceni ndi cakuti mwana aone mseu.

Zinthu zitatu zofanana nako zimene zingakusokeretseni

Kuloweza pamtima. Mukawerenga nkhani imodzi ndi kalasi lonse kasanu ndi kawiri, ana ambiri amaigwira ngati nyimbo. Mwana amaima, buku liri m'manja, mau akutuluka bwino-bwino, koma maso ali pa zenera. Njira yodziwira ndi yosavuta: lozani liu la pakati pa mzere, kapena lembani mau omwewo m'ciganizo catsopano. Akakakamira, ndiye kuti anali kuimba.

Kufuula. Kalasi limene limayankha mokweza mpaka kumveka ku ofesi ya ahedi limaoneka ngati likuphunzira. Kawiri-kawiri ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ndiwo akuwerenga, ndipo ena onse akutsatira kamphindi pang'ono m'mbuyo mwao. Yang'anani milomo ya ana a kumbuyo ndipo mudzaona.

Mpikisano. Mwana akadziwa kuti mumayamikira womaliza msanga, amayamba kudumpha mau aatali, kumeza mapeto a mau ndi kupitirira mipumiro. Zimenezi zikazolowereka zimavuta kucotsa.

Musakopere manambala a Cingerezi

Mwina munaonapo ma chati osonyeza kuculuka kwa mau amene mwana ayenera kuwerenga pa mphindi imodzi. Ambiri mwa ma chati amenewa anapangidwira ana owerenga Cingerezi. Samalani nao, cifukwa mau a Cinyanja ndi aatali. Liu lakuti tidzakuthandizani ndi limodzi, koma liri ndi maphatikizo 7, ndipo m'Cingerezi pangafunike mau anai kunena zomwezo. Sindinamuone liri ndi maphatikizo 6, ndipo m'Cingerezi ndi mau asanu. Mwana amene wawerenga mau 30 a Cinyanja pa mphindi wagwira nchito yaikulu kuposa amene wawerenga mau 30 aafupi a Cingerezi.

Gwiritsani nchito miyezo imene Unduna wa Zamaphunziro wapereka ya Cinyanja, ya giredi imene mukuphunzitsa. Koposa zonse, yerekezani mwana ndi iye mwini: anali pati kumayambiriro kwa temu, ndipo ali pati tsopano.

Kutalika kwa mau kuli ndi phunziro linanso. Mwana wowerenga Cinyanja amapindula kwambiri akazolowera kuona tizigawo tobwera-bwera monga ndi-, -dza-, -na-, -ku-, si- ndi -nso. Akatizindikira msanga, liu lalitali limasanduka tizidutswa todziwika kale.

Mmene mungapimire

Njira yopima ya mphindi imodzi inafala ndi cipimo cochedwa Early Grade Reading Assessment, cimene cinapangidwa mu 2006 ndipo cagwiritsidwa nchito m'maiko ambiri, kuphatikizapo Zambia. Mungacite zofanana m'kalasi mwanu. Mufunika nkhani yaifupi imene mwana sanaionepo, yolembedwa ndi zilembo zimene mwaphunzitsa kale, pepala lanu la nkhani yomweyo, pensulo, ndi wochi kapena foni.

1. Khalani ndi mwana mmodzi pambali. Muuzeni kuti, "Undiwerengere nkhani iyi bwino-bwino, pambuyo pake ndikufunsa zimene wamva." Musanene kuti "fulumira."
2. Yambani kuwerenga nthawi akachula liu loyamba.
3. Ikani kamzere pa liu lirilonse limene walakwa kapena kudumpha. Akadzikonza yekha, liwerengeni kuti walondola.
4. Akaima pa liu kwa masekondi atatu, mulozereni liu lotsatira ndipo licongeni lija kuti walakwa.
5. Mphindi ikatha, congani pamene wafika. Cotsani mau olakwa pa mau onse amene wawerenga.
6. Tengani pepala lake ndipo mufunseni mafunso atatu kapena anai a gawo limene wawerenga.
7. Lembani liu limodzi la mmene anamvekera: phatikizo-phatikizo, liu-liu, kapena monga wolankhula.

Tiyerekeze kuti mwapima ana awiri pa nkhani imodzi. Woyamba wafika pa liu la 36, walakwa 3, ndiye kuti mau olondola ndi 33. Sanapume pa mpumiro uliwonse ndipo wayankha funso limodzi mwa anai. Waciwiri wafika pa liu la 27, walakwa limodzi, ndiye kuti olondola ndi 26. Anakweza mau pa funso ndipo wayankha onse anai. Mukalemba nambala yokha, woyamba ali patsogolo. Mukatsata tanthauzo lonse la fluency, waciwiri ndiye ali pa njira yabwino ndipo angofunika kuwerenga kwambiri. Woyamba afunika kumubweza pang'ono kuti aphunzire kumvetsera zimene iye mwini akuchula. N'cifukwa cake mfundo 6 ndi 7 siziyenera kudumphidwa ngakhale nthawi itacepa.

M'kalasi la ana ambiri simungapime onse tsiku limodzi. Pimani ana anai kapena asanu pa tsiku pamene ena akulemba. Ngati muli ndi ana 80, ana anai pa tsiku ndi masiku 20 a sukulu, kutanthauza milungu inai.

Mmene mungaphunzitsire

Sankhani nkhani yoyenera. Ngati mwana akulakwa liu loposa limodzi pa mau khumi alionse, nkhaniyo yamukulira. Mupatseni yosavuta. Munthu saphunzira kupalasa njinga pa citunda.

Werengani inu coyamba. Ana ambiri sanamvepo munthu akuwawerengera nkhani kunyumba. Muwerengereni tsiku lirilonse, ngakhale mphindi zisanu, monga mmene ambuye amasimbira nthano madzulo. Nthawi zina werengani ciganizo cimodzi moipa mwadala, mosapuma, kenaka bwino, ndipo afunseni kusiyana kwake. Akumbutseni za owerenga nkhani ndi zilengezo pa Breeze FM kapena Radio Maria: sathamanga, cifukwa afuna kuti womvera kumudzi asaphonye dzina kapena tsiku.

Werengani motsatizana. Inu werengani ciganizo cimodzi, ana abwereze akuloza mau ndi cala. Sinthani magulu: mzere umodzi, atsikana okha, anyamata okha, ana awiri. Magulu ang'ono sabisa mwana.

Gawani ciganizo m'magulu a mau. Lembani nkhani iyi pa bolodi:

Amai anapita ku msika wa Kapata. Anagula nyemba, matimati ndi kapenta. Pobwerera, tayala la njinga yao linaphulika. "Kodi tifika bwanji kunyumba?" anafunsa mwana wao.

Tsopano jambulani timizere ndi coko: Pobwerera, / tayala la njinga yao / linaphulika. Ana awerenge gulu lirilonse ndi mpweya umodzi. Mawa lake fufutani timizereto ndipo aone okha pogawa.

Bwerezani ndi colinga. Mu 1979 Samuels anafalitsa njira yoti mwana awerenge ndime yaifupi imodzi kangapo mpaka iyende bwino. Njirayi imathandiza, koma kuti isasanduke kuloweza, katatu kapena kanai n'kokwanira, ndipo ulendo uliwonse ukhale ndi nchito yake. Woyamba, kuchula mau onse molondola. Waciwiri, kupuma pa zizindikiro. Wacitatu, kupeza yankho la funso. Wacinai, kuwerengera mnzake monga nthano. Kenaka pitani ku nkhani yatsopano.

Awerenge awiri-awiri. Khazikani mwana wodziwako ndi wina amene ali m'mbuyo pang'ono, osati wopambana onse ndi wovutika koposa. Mmodzi awerenge, mnzake atsatire ndi cala, kenaka asinthane. Mwa njira imeneyi mwana aliyense amawerenga mokweza tsiku lirilonse, pamene kuitana mmodzi-mmodzi kutsogolo kungam'patse mpata kamodzi pa mwezi.

Pangani zowerenga zanu. Mabuku akacepa, lembani tinkhani ta mizere isanu pa makatoni kapena kumbuyo kwa makalenda akale. Lembani za zimene ana amadziwa: kukumba nshawa, kupita ku cigayo, ulendo wa ku Mwami, mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Makadi khumi osiyana amene akuzungulira m'kalasi amathandiza kuposa nkhani imodzi ya pa bolodi imene aliyense waloweza.

Bwererani ku zilembo pakafunika. Mwana amene amaima pa mb, nkh, ng', ts kapena dz sadzathandizidwa ndi kubwereza nkhani. Afunika makadi a maphatikizo kwa mphindi zocepa tsiku lirilonse. Pulogalamu ya Catch Up, imene inayesedwa koyamba mu 2016 m'masukulu ena a cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kum'mwera, imaika ana m'magulu malinga ndi zimene akutha kuwerenga, kaya zilembo, mau, ndime kapena nkhani, osati malinga ndi giredi. Mfundo yomweyo imagwira nchito m'Giredi 1 ndi 2.

Ana ofunika kuwamvetsera mosamala

M'makalasi a ku Chipata ndi madera ozungulira muli ana amene kunyumba amalankhula Cinsenga, Citumbuka kapena Cikunda, ndi ena olankhula Cinyanja ca m'tauni cosakaniza. Kachulidwe ka kwao si kulakwa. Mwana akachula l pamene palembedwa r, monga kuwelenga m'malo mwa kuwerenga, liu walizindikira, ndipo musalicongere kuti walakwa. Congani kokha pamene kachulidwe kasintha liu kukhala lina. Koma dziwani kuti mwana wotere angachule bwino liu limene salidziwa tanthauzo. Musanayambe nkhani, fotokozani mau awiri kapena atatu amene angakhale acilendo kwa iye.

Mwana wacibwibwi angadodome pakamwa pamene m'mutu akuwerenga bwino. Musamupime ndi wochi pamaso pa anzake. Muloleni awerenge pamodzi ndi inu kapena camumtima, ndipo mupime ndi mafunso.

Mwana amene amayandikitsa buku kumaso, kutsinzina diso limodzi kapena kusocera mzere kawiri-kawiri, mwina vuto lake ndi maso. Mukhazikeni kutsogolo ndipo uzani makolo kuti apite naye ku cipatala.

Zimene mungauze makolo ndi ana

Makolo akafunsa za fluency pa tsiku loona zotsatira, musayambe ndi nambala. Auzeni kuti, "Mwana wanu tsopano amawerenga ngati akulankhula, ndipo amatha kufotokoza zimene wawerenga," kapena, "Amachula bwino koma akali kuima pa liu lirilonse. Muzimupempha akuwerengereni madzulo, kenaka mumufunse kuti nkhaniyo yati ciani." Kholo limene silidziwa kuwerenga lingathe kucita zimenezi, cifukwa khutu lake limadziwa Cinyanja coyenda bwino.

Mau anu oyamikira m'kalasi nawonso aphunzitse tanthauzo lolondola. M'malo mwa "wamaliza msanga," nenani kuti "wapuma bwino pa mpumiro," "wadzikonza wekha pa liu lija," kapena "ndamva kuti munthu uja anali kufunsa." Ana amalimbikira cimene mphunzitsi wao amayamikira.

Mlungu uno sankhani ana asanu, kuphatikizapo amene mumamuona kuti ndiye wowerenga bwino koposa. Apatseni nkhani imene sanaionepo, congani mau olondola, mvetserani mmene akumvekera, ndipo afunseni mafunso. Zimene mudzapeza muzibweretse ku msonkhano wa aphunzitsi wa pa sukulu panu, kuti nonse mugwirizane cimene mukutanthauza mukati mwana akuwerenga mosadodoma.